Asilikali akale tisangowaikira nkhata, tiwatchere khutu

Lamulungu lachiwiri la mwezi wa Novembala chaka chilichonse timachita mwambo umene tonse tinauzolowera. Pa chipilala cha asilikali ku Zomba, pa nsanja ya chikumbutso ku Lilongwe komanso ku Mzuzu, akuluakulu a boma amafika atabaya duwa lofiira pachifuwa. Ikakwana 11 koloko lipenga limalira, anthu amakhala chete mphindi ziwiri, kenako nkhata zimaikidwa motsata maudindo. Chapambali, pansi pa tenti, pamakhala azigogo owerengeka atavala majekete olemedwa ndi mamendulo. Atolankhani amawajambula, nduna zimawapatsa moni wa m'manja, ndipo dzuwa likapendeka galimoto imawabweza kumene inawatenga. Pa mwambo wonsewo oyankhula amakhala abusa, mashehe ndi woyendetsa mwambo. Eni nkhani, amene nkhondoyo anaiona ndi maso awo, kawirikawiri amabwerera osafunsidwa kanthu.

Ndaphunzitsa mbiri yakale m'sukulu za sekondale zoyendera kwa zaka zambiri, ndipo maganizo anga ndi akuti mwambowu, ngakhale ndi wabwino, watipusitsa. Umatichititsa kumva ngati ngongole yathu kwa anthu amenewa tabweza. Chikhalirecho ngongole yaikulu ndiyo kukhala nawo pansi, kuwafunsa, kuwamvetsera mpaka amalize, ndi kusunga zimene anena. Ntchito imeneyi si ya boma lokha. Ndi ya sukulu, mpingo, mzikiti, wayilesi ya m'dera, mfumu, ndi mdzukulu aliyense amene ali ndi foni m'thumba.

Tiyeni tiwerengetsere zaka. Mnyamata amene analowa usilikali wa Keyala mu 1944 ali ndi zaka 18 anabadwa mu 1926, ndiye ngati ali moyo lero zaka zake zili cha m'ma 100. Amene anapita kunkhondo ya ku Malaya mu 1952 kapena 1953 anadutsa kale zaka 90. Ngakhale aja tinkawaona ngati anyamata, amene ankalondera njanji ya ku Nacala kuyambira mu 1987 nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ambiri lero ali ndi imvi ndi zidzukulu. Maliro aliwonse a mmodzi wa iwo amapita ndi nkhani zimene sizinalembedwe pena paliponse. Palibe komiti imene idzakhale pansi n'kuzibweza.

Kuti timvetse chimene chikutayika, tionere nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene mboni zake zonse zinatha. Nkhondo imeneyi sitinangoimvera patali. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Guendolen inawombera sitima ya Majeremani yotchedwa Hermann von Wissmann tsidya la nyanja yathu, pamalo amene lero ndi Liuli ku Tanzania. Pa 9 Seputembala chaka chomwecho mfuti zinalira ku Karonga, ndipo manda a ena amene anafa tsikulo alipobe. Amuna pafupifupi 19,000 a dziko lino anavala yunifomu, ndipo oyandikira 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza ufa, zipolopolo ndi katundu wa azungu kudutsa m'mapiri ndi m'madambo a Tanganyika ndi Mozambique. Ambiri anachita kugwidwa m'midzi. Limenelo linali dziko la anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi, choncho midzi yambiri inatsala ndi amayi, ana ndi nkhalamba, minda n'kugonera. John Chilembwe analemba kalata yodandaula za kutengera anthu akuda kunkhondo ya eni mu Novembala 1914, miyezi iwiri asanaukire atsamunda. Ku Ulaya mfuti zinaleka pa 11 Novembala 1918, koma kuno mkulu wa asilikali a Germany, von Lettow-Vorbeck, anadzagonja pa 25 Novembala ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia. Otsala amoyo atabwerera, chimfine choopsa cha chaka chimenecho chinawatsatira m'midzi.

Amtengatenga amene anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi malungo ambiri alibe manda odziwika. Mu 2021 bungwe loyang'anira manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission linavomera poyera kuti anthu akuda ochuluka amene anafa pankhondoyo sanakumbukiridwe ndi maina awo monga anachitira ndi azungu. Tanthauzo lake n'lakuti mwala sunasunge dzina la agogo a agogo anu. Ngati linasungika, linasungika pakamwa pa anthu.

Nanga pang'ono pamene tikudziwa tinazidziwa bwanji? Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, mphunzitsi wa ku America dzina lake Melvin Page, ali ku Chancellor College, anayenda m'midzi pamodzi ndi ophunzira ake kufunsa nkhalamba zimene zinamenya nkhondoyo kapena kusenza katundu. Buku lake lotchedwa The Chiwaya War linatuluka mu 2000. Akanachedwa ndi zaka khumi zokha, ambiri akanawapeza atagona kale. Chimodzimodzi George Shepperson, amene pamodzi ndi Thomas Price analemba buku la Independent African la 1958 lonena za Chilembwe: chidwi chake pa dziko lino chinayamba pamene anali ofesala pakati pa asilikali a ku Nyasaland ku Burma, akumva nkhani ndi nyimbo zawo. Anthu awiriwa ndimawapatsa ulemu. Koma zimandiwawa kuti amene anaona kufunika kokhala pamphasa ndi azigogo athu anali alendo, ndipo zimene anamva zinathera m'mabuku a Chingerezi amene mwana wa ku Chingale kapena ku Nthalire sadzawagwira n'komwe.

M'mudzi wa kwathu munali agogo ena, malume awo a mayi anga, amene anapita kunkhondo yachiwiri. Asilikali a dziko lino anamenya ku Somaliland ndi ku Abyssinia, anapita ku Madagascar mu 1942, kenako ena anadzera ku Ceylon n'kukafika ku Burma mu 1944. Agogowo anali m'gulu la ku Burma. Chimene chinkandidabwitsa ndili mwana n'chakuti za kuwomberana sankazikonda. Ankakamba za sitima yapamadzi imene inayenda masiku osaona mtunda, anyamata a kumapiri akusanza mpaka kufooka. Ankakamba za mvula yosakata, za misundu yolowa m'majombo, za mpunga umene unawakola mpaka kulota nsima ya mgaiwa. Ankanena kuti kulemba anaphunzirira komweko, chifukwa chotopa kupempha mnzawo kuti awalembere kalata yopita kwa mkazi wawo, zinsinsi za m'nyumba n'kumadziwika ndi kampu yonse. Akafika pa nkhani ya mnzawo amene anamuika m'manda osaya m'mbali mwa njira, ankasiya kaye, n'kuyamba kufunafuna fodya wawo. Ndipo akafika pa ndalama imene analandira pobwerera, mawu ankakwera. Ndili wamkulu ndinadzawerenga kuti msilikali wakuda ankapatsidwa ndalama yothokozera yongokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a imene ankalandira mzungu wa udindo womwewo. Agogowo chiwerengerocho sankachidziwa, koma chinyengocho ankachidziwa bwino lomwe.

Zinthu zoterezi m'buku la sukulu mulibe. Buku limapereka chaka, dzina la mgwirizano ndi zifukwa zisanu zoti mwana aloweze polemba mayeso. Silinena kuti munthu amamva bwanji akabwera kuchokera kutsidya kwa nyanja, ataona mzungu akulira ndi mantha ngati munthu wina aliyense, n'kupezanso kuti kwawo ayenera kuvulira chipewa mzungu aliyense wodutsa pamsewu. Koma mwana akamva zimenezi kuchokera pakamwa pa mwini wake, safunanso kuloweza chifukwa chimene anthu anayambira kufuna ufulu wodzilamulira nkhondo itatha. Amachimvetsa. Ngakhale magule athu a malipenga, mganda ndi beni, ndi mayunifomu ake oyera, maudindo ake ndi kuguba kwake, anachokera ku perete wa asilikali. Ana amavina pa zikondwerero za sukulu osadziwa kuti akuvina mbiri ya makolo awo.

Ndinaziona ndekha m'kalasi. Nthawi ina tinaitana bambo wina wopuma usilikali, amene anagwirako ntchito pa njanji ya ku Nacala, kuti adzacheze ndi ana a Fomu 3. Ana amene amagona ndikamaphunzitsa anakhala tcheru mpaka belu kulira osadzuka. Mtsikana wina anafunsa kuti, “Bambo, kodi munkaopa?” Iwo anayankha kuti ankaopa tsiku lililonse, makamaka mabomba okwirira pansi, ndipo amene amati sankaopa ndi wabodza. Anafotokoza chifukwa chimene njanjiyo inali yofunika: dziko lopanda doko ngati lathu, njira za ku Beira ndi Nacala zitatsekeka, katundu ankazungulira mtunda wautali kudzera ku Durban ndi Dar es Salaam, mitengo ya zinthu n'kukwera. Mwana wina amene makolo ake anabwera ngati othawa nkhondo anaimika mkono n'kunena zimene agogo ake anamuuza za tsidya linalo. Tsiku limenelo ana anaphunzira mbiri, jogalafe ndi zachuma pa nthawi imodzi, popanda choko.

Sindikunena za asilikali okha. M'midzi mwathu muli azibambo amene anapita ku Joni pa Wenela ndi Theba, amene akukumbuka ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974 imene inapha anzawo oposa 70 n'kuchititsa boma kuimitsa ulendo wa kumigodi. Muli amene anali ana pa njala ya 1949 ndipo akudziwa mizu ndi zipatso zimene zinapulumutsa anthu, ndi zimene zinapha. Muli amene anaona Napolo wa ku Zomba mu 1946 kapena wa ku Phalombe mu 1991, amene angakulozereni kuti madzi anadutsa apa ndi apo. Namondwe wa Freddy atagwetsa mapiri mu Malichi 2023, funso loti kodi kale madzi ankadzera kuti linasanduka la moyo ndi imfa. Muli amayi amene analera ana okha amuna awo ali kunkhondo kapena kumigodi, amene anavina pamisonkhano ya chipani mofuna kapena mokakamizidwa, amene anaima pamzere pa 14 Juni 1993 kusankha pakati pa nyali ndi tambala. Nkhani ya nkhondo ikakambidwa ndi amuna okha imakhala yaperewera, chifukwa amene anasenza mudzi nthawi imeneyo anali amayi.

Pali chifukwa china chimene chimandikakamiza kulemba izi, ndipo ndi chochititsa manyazi. Dziko lino likuzunza okalamba ake. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha nkhalamba zinayi poziganizira ufiti mphenzi itapha mtsikana. Kuchokera nthawi imeneyo nkhani zotere sizinaleke kumveka: agogo kumenyedwa pamaliro, kuwotcheredwa nyumba, kuthamangitsidwa pamudzi ndi zidzukulu zawo zomwe. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Malamulowo ndi ofunika, apolisi ndi makhoti agwire ntchito yawo. Koma lamulo limafika mwala utaponyedwa kale. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti pafupifupi theka la Amalawi ndi ana osakwana zaka 18. Kwa ambiri a iwo, gogo wa kumapeto kwa mudzi ndi munthu wamakwinya, wamaso ofiira ndi utsi, woyankhula yekha, wopanda mbiri. Munthu wopanda mbiri savuta kumupachika dzina loipa. Koma mnyamata amene anakhalapo pakhonde la gogoyo, n'kumva kuti ndi iyeyo anabereketsa theka la mudzi kusanabwere chipatala, kapena kuti anayenda pansi kuchokera ku Salisbury, dzanja lake limalemera kutola mwala. Sindikuti kucheza kokha kuthetsa nkhanza. Ndikuti kusadziwana ndi kumene nkhanzazo zimamera.

Ndikudziwa zimene ena anene. Choyamba adzati okalamba amakometsera nkhani, aliyense amadzisandutsa ngwazi. N'zoona, ena amathira mchere wambiri, ndipo zaka zimasokoneza masiku ndi maina. Komatu malipoti a ma DC achitsamunda amene ali ku National Archives ku Zomba nawonso analembedwa ndi anthu okhala ndi mbali yawo. Ntchito ya wophunzira mbiri ndi kufunsa anthu angapo, kuyerekeza ndi zolembedwa, n'kuona pamene zikugwirizana ndi pamene zikusemphana. Limeneli ndi luso limene mwana wa m'nthawi ya WhatsApp akulisowa kuposa lina lililonse.

Chachiwiri adzati munthu wanjala safuna maikolofoni, akufuna ufa, mankhwala ndi bulangete. Apa ndikuvomera ndi mtima wonse. Asilikali akale amene amakhala ku nyumba za chikumbutso ku Zomba, ndi ambiri amene ali m'midzi, akhala akudandaula za kuchepa kwa chithandizo, ndipo bungwe lawo la VELOM limadalira kwambiri zopereka za nyengo ya maluwa ofiira ija. Kupita kukatapa nkhani kwa munthu amene wagona ndi njala, iwe n'kubwerako ndi digiri, ndi kuba. Koma ziwirizi sizilimbana. Gogo amene ana a sukulu amamuyendera ndi amene amadziwika msanga kuti denga lake likudontha, kuti dzina lake linadumphidwa pa Mtukula Pakhomo, kuti wadwala. Woiwalika m'nkhani amaiwalikanso pa kaundula.

Chachitatu ndi cholemera kwambiri: nkhani zina n'zowawa, ndipo zina zimatipatsa manyazi. Pa 3 Malichi 1959 amene anawombera khamu la anthu pa doko la Nkhata Bay anali asilikali a boma la atsamunda. Mu Disembala 1993 asilikali analanda zida a Payoniya pa Operation Bwezani, ndipo lero msilikali wakale ndi Payoniya wakale amapemphera tchalitchi chimodzi, ena ndi apongozi. Amene anapita ku Rwanda mu 1994 anaona zinthu zimene munthu safuna kuzikumbukira pa chakudya. Ku Congo tataya ana athu, kuphatikizapo Chancy Chitete amene anafa mu Novembala 2018 akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, ndipo bungwe la United Nations linamulemekeza ndi mendulo yake yapamwamba ya kulimba mtima chaka chotsatira. Anzake amene anali naye tsiku limenelo ali pakati pathu. Yankho langa ndi lakuti munthu asakakamizidwe. Amene sakufuna kuyankhula, ufulu ndi wake, ndipo zinsinsi za ntchito ya usilikali zili ndi malamulo ake. Koma amene akufuna kutula, tisamutseke pakamwa chifukwa choti nkhani yake sikukoma pa tsiku la chikondwerero. Dziko limene limangosunga nkhani zokoma limabwereza zoipa zija, chifukwa ana ake sadziwa kuti zinayamba bwanji.

Kale zinthuzi zinali ndi malo ake. Anyamata ankamva za akulu kumphala ndi pabwalo, atsikana kumtondo ndi kwa anamkungwi, ana onse pamoto madzulo. Lero madzulo ana ali ku vidiyo kapena pa foni, ndipo mabanja ambiri anamwazikana, ena m'tauni, ena ku Joni. Kulira kuti mphala ibwerere n'kutaya nthawi. Chofunika ndi kupanga dala malo atsopano, ndipo sizifuna ndalama za mabungwe akunja.

Aphunzitsi anzanga, pa teremu iliyonse patulani tsiku limodzi loitana munthu wamkulu wa m'dera. Mukamutenge mwaulemu, mudzere kwa mfumu, ana akonzekere mafunso, ndipo komiti ya sukulu ione kuti mlendoyo sabwerera chimanjamanja. Apatseni ana ntchito yoti akafunse agogo awo n'kulemba m'chiyankhulo chimene agogowo ayankhula, kaya ndi Chichewa, Chitumbuka, Chiyawo, Chilomwe, Chisena, Chitonga kapena Chingonde. Unduna wa Maphunziro uvomereze ntchito yotere kuti izikhala ndi malikisi, chifukwa tonse tikudziwa kuti chopanda malikisi pasukulu chimafa. Mawayilesi a m'madera, monga Dzimwe ku Mangochi, Mudzi Wathu ku Mchinji, ya Nkhotakota ndi ya Mzimba, apatule theka la ola pa sabata loti okalamba azikamba za moyo wawo, osati kungowaitana kuti adzapereke moni. A Malawi Defence Force ndi VELOM aonetsetse kuti msilikali aliyense wopuma amene akufuna wajambulidwa mawu, kuyambira ndi achikulire kwambiri chaka chino. A National Archives, nyumba zosungira zakale za ku Chichiri ndi ku Karonga, ndi a National Library Service akonze njira yolandirira ndi kusunga zojambulidwazo, chifukwa foni imabedwa, imagwera m'madzi, ndipo memori khadi imafa.

Pojambulapo pakhale mwambo. Pemphani chilolezo, nenani kumene mawuwo apite, ndipo banja lipatsidwe kope yake. Lembani dzina, mudzi, mfumu ndi tsiku. Musamudule munthu pakamwa, ndipo akakhala chete musathamangire kudzaza mpatawo. Funsani zazing'ono: munkadya chiyani, munavala chiyani, anakuperekezani ndani, munabwera ndi chiyani m'chikwama. Mafunso otere ndi amene amatsegula zikuluzikulu. Ndipo agogo asasanduke choseketsa cha pa TikTok. Akulu anati mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera pokhapokha wina atawasunga.

Kwa atsogoleri amene mudzaike nkhata Novembala akubwerayu, pempho langa ndi laling'ono: pa ndondomeko ya mwambo patulani mphindi khumi zoti mmodzi wa azigogo aja ayankhule m'chiyankhulo chake, wayilesi ya boma iulutse dziko lonse limve. Kwa inu owerenga, musadikire Novembala. Ngati kwanu kuli agogo amene anapita kunkhondo, kumigodi, kundende za ndale, kapena amene anangokhala pamudzi n'kuona zonse zikudutsa, pitani sabata ino. Tengani shuga pang'ono, tchajani foni, mukhale pansi, muwafunse kuti, “Agogo, tandiuzeni, zinayamba bwanji?”